TSIKU LIMENE NDIDAFUNA KUPHUNZITSA AMALUME GOFU

Anzanga a pano pa seminale akandimva ndikukamba za gofu amaseka. Amati amenewo ndi masewera a mabwana, ndipo mwana wa kumudzi ngati ine ndizikamba za mpira wa miyendo kapena bawo. Sindiwadzudzula, chifukwa ambiri a iwo sadauonepo mpira wa gofu ndi maso. Koma ine gofu ndiye wandifikitsa Fomu 3. Sopo amene ndimasambira, nsapato zimene ndimavala Lamulungu ndiponso gawo la fizi yanga zimachokera ku bwalo la gofu, kumene amalume anga, mlongo wawo wa amayi, akhala akunyamula zikwama za osewera kwa zaka zoposa 20. Tsono okondedwa awerengi, loleni ndikusimbireni za funso limene lidandisowetsa tulo chaka chatha. Funsolo ndi ili: kodi pali kamenyedwe kamodzi kokha koyenera ka mpira wa gofu, koti munthu aliyense atsate? Ine ndidali nalo yankho langa, ndipo yankho limenelo lidawaluzitsa njinga amalume.

Poyamba ndifotokoze pang'ono za masewerawa kuti makolo ndi anzanga amene sadafikeko ku bwalo asasochere. Gofu adakulira ku Scotland, ndipo ndi wakale ndithu, pakuti m'chaka cha 1457 mfumu James II ya dzikolo idamuletsa poona kuti amuna akutaya nthawi ndi kampira m'malo mophunzira kuponya mivi. Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18. Dzenje lililonse kukamwa kwake n'kwa mamilimita 108, ngati kapu yaikulu ya tiyi, ndipo mpira wake ndi wocheperako kwa dzira la nkhuku, wosapitirira magalamu 46 kulemera kwake. Wosewera amaloledwa kutenga ndodo zosaposa 14, zina zomenyera patali, zina zomenyera pafupi. Wopambana ndi amene walowetsa mpira m'maenje onse atamenya kochepa kuposa anzake. Chodabwitsa n'chakuti mpirawo umangokhala phee pa udzu. Palibe wokulanda, palibe goloboyi. Ukaphonya sungaloze chala munthu wina, vuto lili m'manja mwako momwemo. N'chifukwa chake anthu a gofu satopa kukangana za kamenyedwe, kamene iwo amati swing, ndiye kuti momwe munthu amagwirira ndodo, momwe amaimira, momwe amaikwezera kumbuyo ndi momwe amaitsitsira pa mpira.

Amalume ndi caddie, munthu wonyamula chikwama cha ndodo, amene amauzanso bwana wake kutalika kwa mtunda ndi ndodo yoyenera kutenga. Lolemba m'mawa, mabwana ali ku ntchito, ma caddie amaloledwa kusewera okhaokha ndi ndodo zakale zimene adachita kupatsidwa. Ndili mwana ndinkakonda kukaonerera pa tchuthi. Munthu wogwiritsa dzanja lamanja amaphunzitsidwa kuika dzanja lamanzere pamwamba, kumapeto kwa ndodo, ndipo lamanja pansi pake. Amalume amachita mosemphanitsa: lamanja pamwamba, lamanzere pansi, monga adazolowera kugwira mpini wa khasu ali mnyamata. Ndodo saikweza kwambiri, imangofika cha m'phewa, ndipo akamenya, mwendo wakumbuyo umatsatira mpira ngati akuyamba ulendo. Mpira wawo suuluka m'mwamba ngati wa mabwana. Umapita chapansipansi, n'kukagwa, n'kumathamanga pa nthaka youma ya m'chilimwe. Si zokongola kuona ayi. Koma mpirawo umapita kumene iwo ayang'ana, ndipo maenje 18 amawamaliza atamenya ka 78 kapena ka 80, pamene mabwana ambiri amene iwo amawanyamulira zikwama amapitirira ka 90.

Mavuto adayamba ndili Fomu 2, teremu yachitatu. M'laibulale mwathu muli shelefu ya mabuku akale amene amishonale adasiya, ndipo tsiku lina ndidapezapo kabuku kachingerezi kong'ambika chikuto, kotchedwa Five Lessons, kamene adalemba Ben Hogan wa ku America m'chaka cha 1957. Munthuyu sadali wamba. Pa gofu pali mipikisano ikuluikulu inayi pa chaka, Masters, US Open, Open ya ku Britain ndi PGA Championship, ndipo Hogan adapambana mipikisano yotereyi ka 9. Mu February 1949 galimoto yake idawombana ndi basi, iye n'kuthyoka mafupa ambiri, koma patangopita miyezi 16 adakapambana US Open ya 1950. M'kabukumo muli zithunzi zojambula pamanja zoonetsa pamene chala chilichonse chiyenera kukhala, pamene phazi lililonse liyenera kuponda, ndiponso galasi lalikulu longoyerekeza, lotsamira pa mapewa mpaka pa mpira, limene manja sayenera kuliswa pokweza ndodo. Ndidakawerenga katatu. Ndidakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndapeza chilungamo chenicheni cha gofu, ndipo kuti kamenyedwe kalikonse kosiyana ndi ka m'bukumo n'kolakwa.

Ndodo ya gofu ndidalibe, koma silasha idalipo. Loweruka lililonse pa nthawi ya ntchito zamanja, anzanga akutchetcha udzu kuti amalize msanga akasambe, ine ndinkaima ngati Hogan, n'kukonza zala pa chigwiriro, n'kukweza silasha mosamala kuti ndisaswe galasi langa losaoneka. Ndime yanga inkatsalira masiku onse, mpaka kapitawo wathu adafunsa ngati ndikudwala msana. Ine osasamala. M'mutu mwanga mudali chinthu chimodzi chokha: tchuthi chikafika ndikawathandiza amalume. Ndinkati ngati amamenya ka 78 ndi kagwiridwe kolakwa, nanga atagwira moyenera adzamenya kangati?

Tchuthi chachikulu chidafika, ndipo Lolemba loyamba ndidapita nawo ku bwalo. Ma caddie adali pansi pa mtengo kudikira kuti ayambe, amalume akuyeserera ndodo yawo chapambali. Sindidadikire n'komwe kuti tikhale awiri. Ndidalankhula pa gulu pomwepo.

"Amalume, kodi mukudziwa kuti ndodoyo mumagwira mozondotsa?"

Padali zii. Kenaka mmodzi adaseka n'kuti, "Ehe, Abambo Mfumu abwera ndi ulaliki wa gofu!"

Amalume sadaseke, sadakwiyenso. Adayang'ana manja awo ngati akuwaona koyamba, n'kundifunsa, "Wazitenga kuti zimenezo, mphwanga?"

"M'buku, amalume. Adalemba katswiri wamkulu wa ku America."

"Ine sukulu ndidalekera Sitandade 4," adatero motsitsa mawu. "Ngati zidalembedwa m'buku ndiye kuti n'zoona. Wophunzira ndiwe. Undiphunzitse."

Ndikanakhala wanzeru ndikanachita mantha ndi mawu amenewo. Koma ine ndidamva kukoma. Kudatsala milungu itatu kuti kuchitike mpikisano wa ma caddie umene umabwera kamodzi pa chaka, ndipo mphotho yoyamba idali njinga yatsopano. Amalume amayenda wapansi mtunda wautali kupita ku ntchito, kudzuka nkhuku zisadatsike, choncho njingayo ankaifuna kwambiri, ndipo anzawo onse ankati ndi yawo kale. Tidamangirira chiguduli ku nthambi ya mango kuseri kwa nyumba, ndipo madzulo aliwonse ankamenyera mipira m'chigudulimo, ine nditaima pambali ndi kope langa: dzanja lamanzere pamwamba, mkono wamanzere uwongoke, mutu usasunthe, mwendo usatsatire mpira. Manja awo adatuluka matuza pamalo pamene sadatulukepo chiyambire. Chimene sindidaganize n'chakuti chiguduli chimalandira mpira uliwonse. Sichinena ngati mpirawo ukanapita kumanja kapena kumanzere.

Tsiku la mpikisano ndidawanyamulira chikwama ndine. Pa dzenje loyamba mpira udanyamuka bwino, kenaka udayamba kukhotera kumanja, kukhota, kukhota, mpaka udakalowa m'mabulugamu. Pa dzenje lachiwiri chimodzimodzi. Pofika dzenje la 7 adabwerera ku kagwiridwe kawo kakale, koma manja adali atasokonezeka, osadziwanso kuti amvere ndani. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Adamaliza atamenya ka 94, ndipo amene adatenga njinga adamenya ka 81, nambala imene amalume amaipitirira pafupifupi Lolemba lililonse. Pobwerera kunyumba tidayenda mtunda wonse osalankhulana. Pa msika adaima, n'kundigulira nzimbe. Kunena zoona, akanandikalipira zikanandipepukira kuposa nzimbe imeneyo. Amayi atamva nkhaniyi adangondiyang'ana n'kuti, "Galu wamkota sakandira pachabe."

Nditabwerera ku seminale nkhaniyi idakana kuchoka m'mutu. Tsiku lina madzulo ndidawasimbira bambo wina wachikulire amene amatiphunzitsa, yemwe adaphunzira gofu pamene adali ku maphunziro kunja. Ndinkayembekeza kuti anena kuti amalume adangochedwa kuyamba njira yoyenera. Koma iwo adandifunsa, "Mwana wanga, udamvapo za Papwa?" Ndidati ayi. Ndipo adandiuza za Sewsunker Sewgolum, amene anthu ankamutcha Papwa, mmwenye wosauka wa ku Durban m'dziko la South Africa, amene adayamba ngati caddie. Iyeyu ankagwira ndodo mozondotsa, dzanja lamanzere pansi pa lamanja, ndendende amalume. Ndi kagwiridwe komweko adapambana Dutch Open ku Ulaya katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964. Kwawo adapambana Natal Open mu 1963, ndipo mu 1965 adaipambananso pogonjetsa Gary Player, katswiri amene adatenga mipikisano ikuluikulu 9. Popeza idali nthawi ya tsankho, chikho adamupatsira panja mvula ikugwa, chifukwa lamulo silinkalola munthu wa khungu lake kulowa m'nyumba ya kalabu. "Tsono," adatero bambowo, "ukanakumana naye ukanamuuza kuti akugwira molakwa?"

Adandibwereka magazini awo akale, ndipo adandipempherera chilolezo choti ndifufuze pa kompyuta ya sukulu. Zimene ndidapeza zidagwetsa malamulo onse amene ndinkawawerengera amalume pansi pa mango paja. Ndinkati mkono wamanzere uwongoke. Koma Calvin Peete wa ku America adagwa mu mtengo ali mwana n'kuthyoka chigongono chamanzere, moti mkonowo sunkawongokanso moyo wake wonse. Gofu adayamba atapitirira zaka 20, komabe adapambana mipikisano 12 ya akatswiri a ku America, ndipo kwa zaka 10 zotsatizana, kuyambira 1981 mpaka 1990, palibe amene adamuposa pomenya mpira wowongoka. Ndinkati mutu usasunthe. Koma Annika Sörenstam wa ku Sweden, mmodzi mwa amayi odziwa gofu kuposa onse, ankatembenuza mutu msanga kuyang'ana kumene mpira ukupita, ndipo adapambana mipikisano ikuluikulu ya amayi ka 10. Ndinkati ndodo ikwere mokwanira. Koma Jon Rahm wa ku Spain adabadwa ndi phazi lamanja lopindika, kakolo wake sasuntha mokwanira, choncho ndodo amangoikweza pang'ono, ndipo adapambana US Open mu 2021 ndi Masters mu 2023.

Ndinkatinso mapazi akhazikike. Koma Scottie Scheffler, amene adapambana Masters mu 2022 ndi 2024, mapazi ake amatsetsereka pomenya ngati waponda pa matope. Jim Furyk amakweza ndodo mowongoka kutali ndi thupi, n'kuizunguza m'mwamba, n'kuitsitsira njira ina, moti woonerera amada nkhawa kuti aphonya. Mphunzitsi wake adali bambo ake omubereka, ndipo sadamukakamize kusintha. Adapambana US Open mu 2003, ndipo mu 2016 adamaliza maenje 18 atamenya ka 58 kokha. Ngakhale kuno kwathu kummwera kwa Africa chitsanzo chilipo. Nick Price wa ku Zimbabwe ankamenya mwachangu ngati wina akumuthamangitsa, pamene Ernie Els wa ku South Africa ankaoneka wodekha ngati akuyasamula. M'chaka chimodzi chomwecho cha 1994, Els adatenga US Open, Price n'kutenga Open ya ku Britain ndi PGA Championship. Mwa awiriwa, ndani amamenya molakwa?

Apa mutu udayamba kundizungulira. Ngati onsewa akusiyana chonchi, n'chifukwa chiyani mipira yawo imapita malo amodzi? Amene adandimasula ndi aphunzitsi athu a Physics. Adati ndodo ndi mpira zimakhudzana kwa kanthawi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 2,000 a sekondi. Kuphethira kwa diso n'kotalika kwambiri poyerekeza ndi kanthawi kameneka. Mpira ulibe maso. Suona dzanja limene lili pamwamba, suona chigongono, sudziwa ngati womenyayo adapita ku sukulu. Umangomva zimene zikuchitika pa kanthawi kameneko basi. Mphunzitsi wa gofu wa ku England, John Jacobs, adatchuka pophunzitsa mfundo yomweyi, kuti ulendo wa mpira umalamulidwa ndi zinthu zinayi: kumene nkhope ya ndodo yayang'ana pokhudza mpira, njira imene mutu wa ndodo ukudzera, ngati ndodo ikutsika kapena ikukwera pofika pa mpira, ndiponso liwiro lake. Tiwonjezerepo chachisanu, kuti mpira ugundidwe pakati penipeni pa nkhope ya ndodo, osati m'mphepete.

Ndifotokoze momwe zimayendera kwa munthu wogwiritsa dzanja lamanja. Mpira umanyamuka molunjika makamaka kumene nkhope ya ndodo yayang'ana. Ngati nkhopeyo ikugwirizana ndi njira imene mutu wa ndodo ukudzera, mpira umapita mowongoka. Ngati nkhope yayang'ana kumanja kwa njirayo, mpira umazungulira mopendekeka n'kukhotera kumanja. Ikayang'ana kumanzere kwa njirayo, mpira umakhotera kumanzere. Kale aphunzitsi ambiri ankaphunzitsa kuti mpira umanyamuka motsata njira ya ndodo, koma makina oyezera a TrackMan, amene adayambira ku Denmark m'chaka cha 2003, adaonetsa kuti nkhope ya ndodo ndiyo ili ndi mphamvu yaikulu. Izi zidandiphunzitsa kuti ngakhale zolembedwa m'mabuku zimadzakonzedwa. Choncho malamulo osasintha alipo ndithu, koma ali pa malo amodzi ang'onoang'ono, pamene ndodo ikukumana ndi mpira. Kuchokera pamene munthu wagwira ndodo mpaka kufika pamenepo, njira zilipo zambiri, monga anthu a midzi yosiyana amadzera tinjira tosiyana koma n'kukatunga pa chitsime chimodzi.

Chimene chidandipweteka kwambiri ndi pamene ndidadziwa mbiri ya Hogan mwini wake. Ali mnyamata adavutika zaka zambiri ndi mpira wokhotera kumanzere mopitirira muyeso, mpaka adatsala pang'ono kusiya gofu. Zina mwa zimene adasintha, makamaka kagwiridwe ka dzanja lamanzere, adazichita kuti nkhope ya ndodo isamatsekere kumanzere. Kunena kwina, mbali ina ya kamenyedwe kake idali mankhwala a nthenda yake. Tsono munthu amene mpira wake sukhotera kumanzere akamwa mankhwala amenewa, mpira umathawira kumanja. Ndidakumbukira mabulugamu a pa dzenje loyamba aja. Ndidatenga mankhwala a munthu wina n'kumwetsa amalume amene sankadwala n'komwe.

Koma ndisakusocheretseni, awerengi, kuti muganize kuti pa gofu chilichonse n'chabwino. Ayi. Anthu ambiri amene amamenya mwachilendo amamenya moipa, ndipo mayina awo sitiwamva chifukwa sapambana. Kagwiridwe ka m'mabuku kamaphunzitsidwa chifukwa kamathandiza anthu ochuluka kubweza nkhope ya ndodo pa mpira mosavuta ndiponso ndi mphamvu. Akatswiri ogwira mozondotsa ngati Papwa ndi owerengeka. Amalume omwe akamaphunzitsa ana a mabwana sawagwiritsa ndodo monga amagwirira iwo. Komanso kusintha kamenyedwe si tchimo. Nick Faldo wa ku England adaphwasula kamenyedwe kake cha pakati pa zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi mphunzitsi David Leadbetter, adavutika pafupifupi zaka ziwiri, kenaka adapambana mipikisano ikuluikulu 6 pakati pa 1987 ndi 1996. Tiger Woods adapambana Masters ya 1997 ali ndi zaka 21, kusiya wachiwiri wake kumbuyo ndi 12, komabe adasintha kamenyedwe kake ndi mphunzitsi Butch Harmon, ndipo pofika mu April 2001 zikho zonse zinayi zikuluzikulu zidali m'manja mwake nthawi imodzi. Pambuyo pake adasinthanso ndi aphunzitsi ena, n'kufikitsa mipikisano ikuluikulu 15 mu 2019.

Kusiyana kwa anthu amenewa ndi amalume n'koonekeratu. Iwo adasintha chifukwa iwo eni adaona chosowa mu ulendo wa mpira wawo. Adali ndi zaka zoyeserera, ndiponso aphunzitsi odziwa amene ankayang'ana kumene mpira ukupita. Amalume adali ndi milungu itatu, chiguduli, ndi mnyamata amene adaphunzirira gofu pa silasha. Ndipo nkhani ya Tiger Woods ikutiuzanso china: ngati munthu mmodzi angapambane ndi kamenyedwe kosiyanasiyana pa moyo wake, ndiye kuti kamenyedwe kamodzi kokha kolondola kulibe.

Yankho langa lero ndi ili. Kamenyedwe kamodzi koyenera anthu onse kulibe, chifukwa matupi athu sali amodzi. Wina ndi wamtali, wina wamfupi, wina msana wake ndi wofewa, wina chigongono chidathyoka. Ngakhale mabwalo amasiyana: mpira wapansipansi wa amalume umathandiza pa nthaka youma ndi pa mphepo, koma ungavutike pamene pakufunika kudumphitsa dziwe n'kuimitsa mpira msanga. Chimene chilipo ndi mayeso atatu amene kamenyedwe kalikonse kayenera kukhoza. Choyamba, kodi kamabweza nkhope ya ndodo pa mpira molunjika ndi mwa mphamvu? Chachiwiri, kodi mwini wake angakabwereze chimodzimodzi lero, mawa, ngakhale pamene mtima ukugunda chifukwa njinga ili patsogolo? Chachitatu, kodi sikamuvulaza thupi? Kamenyedwe kokhoza mayeso atatuwa n'koyenera kwa mwini wakeyo, kaya n'kokongola kaya ayi. Ka amalume kadali katakhoza kale kwa zaka 20. Ine ndidaweruza poyang'ana manja, pamene woweruza weniweni ndi mpira.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndidapita kwa amalume nditatenga chithunzi cha Papwa chimene bambo aja adandisindikizira. Kudali mvula, ndipo ndidawapeza pakhonde akusoka nsapato yawo ya ku ntchito. Ndidakhala pansi n'kupepesa, poyamba chifukwa cha njinga, kachiwiri chifukwa chowachititsa manyazi pamaso pa anzawo. Kenaka ndidawapatsa chithunzicho ndi kuwasimbira mbiri yake yonse. Sadayang'ane nkhope ya munthuyo ayi. Adayang'ana manja, nthawi yaitali, chala chawo chikutsata pa pepalapo.

"Uyu ndi m'bale wanga," adatero. "Ati adagonjetsa azungu akugwira chonchi?"

"Inde, amalume. Kangapo konse."

Adaseka mpaka kutsokomola. Kenaka adati, "Ine ndidabwerera kale ku kagwiridwe kanga, mphwanga. Koma bukulo usalinyoze. Zija unkanena zoti potsitsa ndodo chiuno chiyambe ndicho, manja atsatire, ndidazisunga. Mpira wanga ukupita patali kuposa kale. Kungoti iwe udafuna kundigwetsera nyumba yonse pamene pamafunika kusintha nsichi imodzi."

Ndidawafunsa chifukwa chake adandimvera tsiku lija, chonsecho akudziwa gofu kuposa ine. Adati kwa zaka zonsezi mabwana ena akhala akuwaseka kagwiridwe kawo, ndipo mumtima ankakhulupirira kuti n'kolakwadi, kungoti padalibe wowaphunzitsa. Tsono mwana wawo yemwe, amene iwo akumulipirira sukulu, atanenanso zomwezo, adaona kuti nkhani yatha. Mawu amenewa adandilasa. Anzanga, ife amene tikuwerenga mabuku ndi ndalama za anthu amene sadawerenge, tidziwe kuti mawu athu amalemera kwambiri kwathu kuposa momwe tiganizira. Tisadakonze munthu, tiyambe taona kumene mpira wake ukupita. Nanunso makolo, mwana akabwera ndi za m'buku mumvereni ndithu, koma musataye msanga chimene manja anu akhala akuchita bwino zaka zonsezi.

Lolemba lotsatira mvula idakata, ndipo amalume adandibwereka ndodo imodzi kuti ndimenye mpira weniweni. Ndidaima ngati Hogan, zala zonse pamalo pake, galasi langa losaoneka lili pa mapewa. Ndidamenya nthaka, dothi n'kuuluka, mpira n'kungogubuduka mapazi asanu. Ma caddie adagwa nako kuseka. Amalume sadakhudze manja anga. Adaika mpira wina pansi n'kuti, "Menyanso. Ine ndikuyang'ana mpira, iwe usadandaule za kukongola." Pa mpira wa 12 ndidamva kulira kwina, kofewa, ndipo mpira udanyamuka mowongoka mpaka ndidautaya m'maso. Sindidziwa kuti ndinkaoneka bwanji, ndipo sindidafunse.

Mpaka lero amalume akuyendabe wapansi kupita ku ntchito. Mpikisano uja ubweranso pa tchuthi chachikulu, ndipo avomera kuti ndidzawanyamulirenso chikwama. Ndawalonjeza kuti ndidzapukuta ndodo, ndidzayang'anira mpira, ndipo pakamwa ndidzatseka.